Mafunso ndi mayankho: chisinthiko, Darwin ndi chikhulupiriro chathu

Ndaphunzitsa bayoloje kusekondale zaka zambiri ndithu, komanso Lamulungu lililonse mundipeza kutchalitchi, nde mafunso awa ndimafunsidwa uku ndi uku, ana asukulu, makolo awo, anzanga akwaya, olo pasiwa penipeni munthu amatha kukukokera pambali nkuyamba kuti "aphunzitsi, zija mumauza ana kuti tinachokera kwa anyani zija nzoona?" Ndangoti ndiwaike pamodzi. Ndinenerethu kuti ineyo ndimakhulupirira kuti Mulungu ndi Mlengi, komanso ndimavomereza kuti zamoyo zakhala zikusintha kwa zaka zankhaninkhani, ndipo chimandiwawa ndikaona mwana akukakamizidwa kutaya chimodzi kuti asunge chinacho.

Kodi chisinthiko chimenechi nchiyani kwenikweni?

Chisinthiko ndi chimene mkalasi timati evolution. Tiyambire kumunda. Agogo anga akamakolola ankakhala pamphasa nkumapatula zisononkho zikuluzikulu zodzaza bwino, kuzimanga pamodzi nkuzipachika kukhitchini pamene pamafika utsi kuti anankafumbwe asalowe, imeneyo nde mbewu ya chaka chamawa. Sankadziwa za DNA, malangizo a m'thupi amene mwana amatengera kwa makolo ake, koma ankadziwa kuti mbewu imatengera kholo lake. Chimanga chimene timadyachi chinachokera ku udzu wina wa ku Mexico wotchedwa teosinte, wa tinjere tochepa tolimba, ndipo alimi akumeneko posankha mbewu chaka ndi chaka kwa zaka pafupifupi 9,000 anausandutsa chimanga.

Charles Darwin, wasayansi wa ku England amene anatchukitsa ganizoli, anangoti zimene mlimi amachita ndi manja akezi chilengedwe chimachitanso chokha. Ana a mayi mmodzi safanana ndendende, ena amapirira matenda kapena chilala kuposa anzawo, opirirawo ndi amene amakula nkubereka, ndiye pakapita mibadwo yambirimbiri mtundu wonse umaoneka wina.

Ife a ku Malawi taziona ndi maso. Amene anakula m'ma 1980 akukumbukira chloroquine, kuwawa kwake ndi kuyabwa kuja. Anali mankhwala amphamvu koma tizilombo ta malungo tochepa timene tinali ndi kakusintha mkati mwake sitinkafa, tinaswana mpaka mankhwala anasiya kugwira, mu 1993 dziko lathu linakhala loyamba mu Africa kumusiya nkutenga SP, Fansidar uja, kenako mu 2007 tinapita ku LA. Chodabwitsa nchoti chloroquine atachotsedwa, patapita zaka pafupifupi 10 ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tosamva mankhwala tija tasowa, tatsala tomvera. Chimenecho ndi chisinthiko, ndipo nchifukwa chake achipatala amalimbikira kuti muzimaliza mankhwala.

Zimenezo nzatizilombo. Koma mukuti agogo athu anali anyani?

Ayi, nyani amene amaba chimanga kudimba kwanu si gogo wanu ndipo palibe wasayansi amene amanena zimenezo. Chimene amanena nchoti anthu ndi achimpanzi anachokera kwa kholo limodzi lakalekale, zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, lomwe silinali munthu komanso silinali chimpanzi wa lero. Zili ngati inu ndi msuweni wanu, simunabadwe kwa iye, iye sanabadwe kwa inu, mumakumana kwa agogo.

Umboni wake suli patali. Mu 1991 ku Uraha m'boma la Karonga gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ku Kabwe m'dziko la Zambia anthu a mumgodi anafukula chigaza mu 1921, chili ndi mphumi yotuluka pamwamba pa maso mosiyana ndi yathu, pano chimasungidwa ku London. Ku Taung ku South Africa kunapezeka chigaza cha mwana mu 1924, ku Ethiopia mafupa a kholo lakalekale lachikazi limene analitcha Lucy mu 1974. Mkati mwa thupi mulinso umboni, munthu ali ndi makromozomu (timitolo ta DNA) awiriawiri 23, chimpanzi 24, ndipo mukayang'ana nambala 2 yathu mumapeza msoko pakati posonyeza kuti ndi awiri analumikizana.

Koma pali bala pansi pa funsoli ndipo sindingalilumphe. Mawu oti nyani ife anthu akuda tatukwanidwa nawo kwambiri, mpaka lero osewera mpira athu ku Ulaya amaponyeredwa nthochi. Mu 1906 mnyamata wa ku Congo dzina lake Ota Benga anaikidwa m'khola la anyani ku Bronx Zoo ku New York kuti anthu azimuonera, ndipo amene anayamba kukuwa kuti izi nzoipa anali abusa achikuda. Azungu ena anagwiritsadi ntchito dzina la Darwin ponena kuti mitundu ina ndi yotsika, monga mmene ena anagwiritsira ntchito nkhani ya Hamu mwana wa Nowa pogulitsa akapolo. Nde gogo akamva nkhaniyi nkukwiya, ine ndimamumvetsa. Chomwe sayansi yomweyo yapeza pambuyo pake nchoti anthu onse, mzungu, mmwenye, Mchaina, mizu yawo ili muno mu Africa, ndipo tonse ndi mtundu umodzi.

Nanga bwanji anyani alipobe, sakusanduka anthu?

Chifukwa chisinthiko si makwerero oti chamoyo chilichonse chikukwera kuti chidzakhale munthu. Ndi nthambi za mtengo. Anyani ali pa nthambi yawo ndipo moyo wakutchire akuutha bwinobwino.

Paja amati ndi theory chabe eti?

Mawuwa amasocheretsa. Pocheza tikati theory timatanthauza zongoganizira, koma musayansi ndi kufotokoza kumene kwayesedwa kambirimbiri nkupirira. Zoti matenda amabwera ndi majeremusi nayonso imatchedwa theory, koma palibe amene amamwa madzi a pachithaphwi nthawi ya kolera ponena kuti ndi theory chabe.

Mukafuna kuona nokha pitani ku Cape Maclear mukalowetse mutu m'madzi pafupi ndi miyala. Ndinapitako ndi ana a Fomu 4 ndipo mnyamata wina wovutavuta mkalasi anakhala chete kwa nthawi yaitali akungoyang'ana mbuna, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zina zikupala ndere pamwala ndi milomo yopindikira pansi. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba za banja limeneli yoposa 500, yambiri mwa iyo simungaipeze kwina kulikonse padziko, ina imadya nkhono, ina imadya mamba a zinzake, ina imagona pamchenga ngati yafa kuti igwire tinsomba tobwera kudzaona, chambo ndi utaka nazo ndi za banja lomweli ndipo zimalerera ana mkamwa. DNA yake imasonyeza kuti zonsezi ndi pachibale chapafupi zedi. Akatswiri amachoka maiko akutali kudzaphunzira chisinthiko pa nsomba zimene ife timangodyera nsima.

Kodi Darwin sanali munthu wodana ndi Mulungu?

Mbiri yake ndi yomvetsa chisoni kuposa mmene imalalikidwira. Charles Darwin anabadwa mu 1809 ku Shrewsbury, ku Cambridge anapita ndi cholinga choti adzakhale mbusa wa Anglican, kenako mu 1831 anakwera sitima ya Beagle nkuzungulira dziko zaka 5. Buku lake la On the Origin of Species linatuluka mu 1859, chaka chomwecho chimene David Livingstone anafika pa nyanja ya Malawi. Anakhala ndi maganizowa zaka 20 osawasindikiza, ndipo mkazi wake Emma anali wopemphera kwambiri, ankada nkhawa ndi moyo wauzimu wa mwamuna wake.

Chikhulupiriro chake chinazilala pang'onopang'ono, ndipo chimodzi mwa zimene zinamusweratu mtima ndi imfa ya mwana wake wamkazi Annie mu 1851, ali ndi zaka 10. Aliyense amene anaikapo mwana m'manda akudziwa mafunso amene amabwera usiku. Chakumapeto kwa moyo wake ankadzitcha agnostic, kutanthauza munthu amene sanganene motsimikiza kuti Mulungu alipo kapena kulibe, koma mu 1879 analemba m'kalata kuti munthu atha kukhulupirira Mulungu ndi mtima wonse nkukhalanso wovomereza chisinthiko. Mnzake amene ankamuteteza kwambiri ku America, Asa Gray wa ku Harvard, anali mkhristu wolimba. Darwin atamwalira mu 1882 anaikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey. Ija nkhani imamveka m'maulaliki yoti analapa ali pafupi kufa nkukana zonse analemba ija, ana ake omwe anaikana, tisamaifalitse.

Koma Genesis akunena momveka kuti masiku 6. Mukufuna kusintha Baibulo?

Apa nde pagona nkhani yonse, mkangano weniweni si wa mafupa ayi koma wa kawerengedwe ka Genesis. Tsegulani mutu 1 muwerenge modekha. Dzuwa likulengedwa tsiku lachinayi, koma madzulo ndi mmawa zayamba kale tsiku loyamba. Mutu 1 zomera ndi nyama zikuyamba, anthu pomaliza, mwamuna ndi mkazi pamodzi. Mutu 2 mwamuna akuumbidwa kaye, kenako munda, kenako nyama, pomaliza mkazi. Amene anaika mitu iwiriyi moyandikana sanali wosaona, ankadziwa kuti ikusiyana ndipo sanavutike nazo chifukwa chimene ankafuna kutiuza ndi choti ndani analenga, ndipo ife ndife ndani pamaso pake. Anthu oyandikana ndi Aisraeli ankapembedza dzuwa ndi mwezi, Genesis akungozitcha zounikira, chachikulu ndi chaching'ono, ngati nyale zopachika m'nyumba.

Ndipo si Darwin anayambitsa kuwerenga kotereku. Origen wa ku Alexandria m'zaka za m'ma 200 anafunsa kale za masiku atatu opanda dzuwa aja. Augustine, bishopu wa ku Hippo komwe lero ndi Algeria, amene anamwalira mu 430, ankaona kuti masikuwa si masiku wamba ngati athuwa, ndipo anachenjeza kuti mkhristu akamalankhula zosadziwa pa nkhani za dziko ndi nyenyezi nkumati Baibulo likutero, anthu akunja amaseka Baibulo lomwelo nkukana ndi za kuuka kwa akufa zomwe. Onse awiri ndi anthu a mu Africa, ndipo anakhalako zaka zoposa 1,400 Darwin asanalembe kanthu.

Zoti dziko lili ndi zaka 6,000 sizinalembedwe pa vesi iliyonse. Anawerengetsa ndi bishopu James Ussher wa ku Ireland mu 1650 pophatikiza mibadwo, nkupeza chaka cha 4004 Yesu asanabadwe, kenako osindikiza anaika nambalayo m'mphepete mwa Mabaibulo achingerezi mpaka anthu anayamba kuiona ngati lemba. Miyala ikayezedwa imaonetsa kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Mukapita ku myuziyamu ya ku Karonga mukaima pansi pa mafupa a Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chimene chinkayenda kumeneko zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Vesi imene ine imandithandiza ndi Genesis 1:24, pamene Mulungu akulamula dziko kuti libale zamoyo. Komanso Salimo 139, wamasalimo akuti Mulungu anamuumba m'mimba mwa amayi ake. Tonse timadziwa za miyezi 9, za sikelo, za azamba, koma palibe amene amati popeza tadziwa mmene mwana amakulira m'mimba ndekuti Mulungu sanamuumbe.

Mipingo imati chiyani?

Siyankhula chimodzi. Akatolika anayamba kalekale kutsegula khomo, Papa Pius XII mu 1950 anati za thupi la munthu zitha kufufuzidwa bola tigwiritse kuti mzimu umalengedwa ndi Mulungu, Papa John Paul II mu 1996 anati chisinthiko chaposa pa kungoganizira, Papa Francis mu 2014 anati tisamuone Mulungu ngati wamatsenga wa kandodo. Musaiwale kuti malamulo a kutengera kwa makolo amene ana amaloweza mu Fomu 4 anawapeza ndi Gregor Mendel, wansembe amene ankadzala nsawawa kumunda wa nyumba ya amonke ku Brno, ndipo amene anayambitsa ganizo la Big Bang, loti chilengedwe chonse chinayambira pa kadontho kamodzi nkumafutukuka, anali wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître.

Anglican ndi mipingo yambiri ya Presbyterian ndi Methodist ya ku Ulaya ilibe nalo vuto, olo kuti mkhristu wa m'mipingo yomweyo kuno kwathu nthawi zambiri amaganiza mosiyana. A Seventh-day Adventist amagwira masiku 6 enieni ndipo kwa iwo nkhaniyi yalumikizana ndi Sabata, nde si yaing'ono. A Mboni za Yehova amavomereza kuti dziko ndi lakale kwambiri koma chisinthiko amachikana. Mipingo yambiri ya Pentekosite imachikananso. Kwa Asilamu, ambiri savutika ndi kusintha kwa nyama ndi zomera koma pa Adamu amaima nji kuti analengedwa mwapadera.

Timabuku ndi mavidiyo ambiri otsutsa chisinthiko amene amazungulira pa WhatsApp amachokera ku America, komwe nkhaniyi inasanduka ndale. Mu 1925 ku Dayton, Tennessee mphunzitsi John Scopes anazengedwa mlandu nkulipitsidwa 100 dollars chifukwa chophunzitsa chisinthiko, ndipo mu 1961 John Whitcomb ndi Henry Morris anafalitsa ganizo loti miyala ndi mafupa onse akale ndi zotsala za chigumula cha Nowa. Ndi ndewu ya eni ake imene ife tangoilandira yophikaphika.

Munthu amene ndimakonda kumutchula ndi Henry Drummond, mlaliki wa ku Scotland wa Free Church, mpingo womwe unayambitsa mishoni ya Livingstonia. Anali mphunzitsi wa sayansi komanso ankalalikira limodzi ndi mlaliki wotchuka wa ku America D. L. Moody, ndipo mu 1883 anafika kuno, anakwera Shire, anadutsa Blantyre mpaka kunyanja. Iyeyu anadzudzula akhristu amene amasaka mipata imene sayansi sinafotokoze nkumati Mulungu ali mmenemo, ngati kuti Mulungu amakhala m'mipata. Ndimagwirizana naye kwambiri chifukwa mpata ukatsekedwa mawa, chikhulupiriro cha mwana uja chimatsekedwa nawo.

Nanga asayansi amene amati chisinthiko chatsimikiza kuti kulibe Mulungu?

Alipo, wotchuka ndi Richard Dawkins wa ku Oxford, ndipo bayoloje amaidziwadi. Koma akachoka pa mafupa ndi DNA nkufika ponena kuti kulibe Mulungu, watuluka mulabu, akulankhula maganizo ake ngati wina aliyense. Francis Collins amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu anayang'ana umboni womwewo ndipo ndi mkhristu. Maikulosikopu singakuuzeni chifukwa chake pali chinthu m'malo mopanda kanthu, kapena chifukwa chake kupha mwana nkoipa.

Ngati kunalibe Adamu mmodzi, uchimo unalowa bwanji? Nanga imfa?

Ili nde funso lolemera ndipo amene amaliyankha mothamanga sanaliganizire. Paulo pa Aroma 5 akuika Adamu ndi Khristu moyang'anana, uchimo kudzera mwa mmodzi, chisomo kudzera mwa mmodzi. Pamene kafukufuku wa DNA akusonyeza kuti makolo athu akale anali gulu la anthu masauzande, osati awiri okha.

Akhristu oganiza mozama ayenda njira zingapo. Ena, monga mlaliki wa Anglican John Stott, ankati Adamu analikodi, munthu amene Mulungu anamupatula pakati pa zolengedwa zofanana naye nkumuuzira mpweya wake, kukhala mutu wa anthu onse. Kwa ife zimenezi sizachilendo, mfumu ikalakwa pamlandu mudzi wonse umalipa. Ndipo zimayankha funso lija ana a Sande sukulu amafunsa, loti Kaini anakwatira ndani ndipo ankaopa kuphedwa ndi ndani. Ena amati dzina loti Adamu m'Chiheberi limatanthauza munthu, lochokera ku liwu la dothi, nde nkhani yake ndi ya tonsefe, aliyense anatambasulapo dzanja kuthyola choletsedwa. Ine ndimatsamira koyambako.

Za imfa, mafupa akuonetsa kuti nyama zinkafa kalekale munthu asanabwere. Koma onani kuti Adamu anauzidwa kuti tsiku lomwe adzadye adzafa, anadya, ndipo Genesis 5 akuti anakhala zaka 930. Chimene chinafa tsiku limenelo ndi ubale wake ndi Mulungu. Chotsala chimene chimandilemera ineyo ndi kuvutika kwa zamoyo zaka zonsezo, kudyana, matenda, mitundu yathunthu kutha psiti. Ndikafika pamenepa ndimawerenga Yobu 38 ndi 39 pamene Mulungu akunena yekha kuti ndi iye amasakira mkango chakudya ndi kudyetsa ana a khwangwala, komanso Aroma 8 pamene akuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi pa nthawi yobereka. Sizichotsa ululu wake koma zimandionetsa kuti Baibulo silinabise nkhope pa zimenezi.

Makolo athu ankati chiyani za chiyambi?

Achewa ankaloza ku Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama. Amati Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi ndi nyama zonse, thanthwe lidakali lofewa mpaka mapazi awo anadindika, ndipo onse ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto nkuyatsa tchire. Nyama zinathawa nkuyamba kumuopa, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Palibe gogo amene ankakamba nkhaniyi kuti tikayeze ulusi wa kangaude ngati ungapirire kulemera. Ankatiuza kuti munthu ndi nyama anayamba limodzi, ndipo kuti nzeru za munthu zomwezo ndi zimene zinamulekanitsa ndi Mlengi wake. Anthu amene anakula akumva nkhani zotere pamoto sayenera kuvutika kumva kuti Genesis akunena zoona zozama kuposa kalendala.

Mwana wanga akulemba MSCE ndipo akuti mutu umenewu ukumusokoneza. Nditani?

Choyamba musamukalipire ndipo musamuuze kuti aphunzitsi ake ndi a satana, chifukwa mawa akapita ku koleji ya zaudokotala kapena zaulimi adzaupeza umboniwo ndi maso ake, ndiye adzaganiza kuti munamunamiza pa zonse. Musamuuzenso kuti angoloweza za mayeso koma mumtima azikana, kumeneko nkumuphunzitsa kukhala ndi nkhope ziwiri.

Chaka china mtsikana wina wanzeru kwambiri mkalasi mwanga anasiya funso lonse la chisinthiko osalemba pa mayeso oyeserera, pansi pake anangolemba ndi pensulo kuti "Sir, ine ndine mwana wa Mulungu." Ndinamuitana pa nthawi yopuma tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa labu, anali akunjenjemera poganiza kuti ndimulanga, ndinamufunsa amene anamuuza kuti akalemba yankho asiya kukhala mwana wa Mulungu, anati kwawo anamuuza kuti asankhe, Baibulo kapena bayoloje. Ndinatulutsa Baibulo langa m'chikwama, lomwe lija lakutha chikuto, tinawerenga Genesis 1 ndi 2 mokweza, ndinamufunsa kuti dzuwa labwera tsiku liti, anawerenganso kawiri ndi chala nkundiyang'ana. Sindinamuuze choti akhulupirire, ndinangomupempha kuti akafunse abusa ake funso lomwelo mwaulemu, komanso kuti abwere Lachisanu adzalembenso pepala lija.

Khalani naye pansi mwana wanuyo madzulo ano, mutsegule mabuku onse awiri patebulo limodzi, mumulole afunse chilichonse olo chimene chikukuopsani inuyo. Mtsikana uja Lachisanu anabwera, analemba funso lonse, ndipo Lamulungu lotsatira ndinamuona ali kutsogolo ndi anzake akwaya atavala yunifomu yake yoyera.